A Saulos ndi Botolo la Nkhunda

Simbi ya 7 koloko inalira ntchito itayamba kale. M'shedi yosankhira fodya pa pulazi yathu, kufupi ndi Norton, a Saulos anali atamasula mitolo iwiri, ataima patebulo lawo la pawindo pomwe kuwala kumagwera bwino. Unali mwezi wa Juni, chaka cha 1956, kuzizira kochita kuluma zala. Ankatenga tsamba, kulitambasula, kuliyang'ana kamodzi, n'kuliponya pamulu wake: lachikasu apa, lofiirira apo, lamawanga uko, long'ambika pansi. Amayi omanga timitolo ankalimbirana kukhala kumbuyo kwawo, chifukwa fodya wosankha a Saulos mzungu sankamubweza.

Koma tsiku limenelo munthu ankagwira ntchito atapendeketsa mutu. Dzino la kumapeto, la m'munsi kumanzere, linali litabooka, ndipo mpweya wozizira ukangolowa m'kamwa ankamva ngati wina akuwakhoma msomali m'khutu. Anali atayesa mchere, atayesa phulusa, atayesa kuluma kansalu kotentha. Zonse zinakanika.

"A Mkulu, lero nyimbo kulibe?" anafunsa mayi wina kumbuyo, poti masiku onse a Saulos ankasankha fodya akuimba chapansipansi nyimbo za kutchalitchi.

"Nyimbo ilipo, mayi," anayankha akuloza tsaya, "koma pakhomo pake pakhala mlonda wankhanza."

Ndiyambe ndanena kuti a Saulos anali ndani, poti ena owerenga sanawaonepo. Anachoka kwawo ku Dedza mu 1931 ali mnyamata, wapansi, kudzera ku Tete, atanyamula bulangete ndi kabuku ka nyimbo. Chinawachotsa kumudzi si njala yokha. Bambo awo anali munthu wa kachasu, ndipo tsiku lina anagwera pamoto ali chiledzerere, osadzuka mpaka mwendo unapsa kufika pafupa. Anamwalira patatha sabata, nyumba yonse ikununkha, ndipo amene ankakhala pambali kuwaingitsa ntchentche anali a Saulos. Pamaliropo analumbira kuti mowa sudzadutsa pakhosi pawo, ndipo pobatizidwa anabwereza lumbirolo pamaso pa mpingo.

Analisunga zaka makumi awiri ndi zisanu. Ngakhale maheu ogona ankayamba awanunkhiza, akamva kuti ayamba kuwawasa n'kukankhira chikho kutali. Pa komboni munthu alibe munda wake, alibe ng'ombe, nyumba ndi ya mzungu, ndipo ukafa manda ako ali kuseri kwa mabani oumitsira fodya, panthaka ya eni. Chimene a Saulos anali nacho chawochawo chinali dzina limenelo basi: mkulu wa mpingo amene sanalawepo. Ngakhale anthu a gule, amene sankamvana nawo pa zambiri, akakangana ankati, "Tiyeni kwa a Saulos, mutu wawo sunalowepo thovu."

Tsono za Nkhunda, mankhwala otsukira mano. Dzina lake lenileni linali la Chizungu, lovuta pakamwa, ndiye tonse tinkangotchula mbalame yoyera imene inajambulidwa pachivundikiro. Inafika pa pulazi mu 1954, chitaganya chitangoyamba kumene, pa galimoto yobiriwira yokhala ndi chimkuzamawu padenga. Munatuluka bambo wovala jasi loyera ngati dokotala, wolankhula Chishona ndi Chinyanja mosinthasintha, atanyamula chibwano chachikulu chochita kuumba ndi mswachi wotalika ngati mkono. Ana anathawa, kenako anabwerera. Iye anati mano athu akudyedwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo kamtengo kotafuna ndi makala zimene tinkatsukira ndi za anthu otsalira. Anagawa timachitini ta ufa woyera, ulere, nyumba iliyonse kamodzi.

Chaka chotsatira ufa uja unasanduka phala la m'chubu. Ndisaname, phalalo linali labwino ndithu. Ana a sukulu ya pa pulazi amene ankatsukira anasiya kutuluka magazi m'nkhama, ndipo ine mpaka lero ndimatsukira ana anga. A Saulos analikonda kuyambira tsiku loyamba. Mbalame yoyera ija inkawakumbutsa za m'Buku, ndipo ankauza Akhristu kuti pakamwa poimbira Mulungu pazikhala posamalika.

Botolo ndilo linabwera pambuyo, kumayambiriro kwa 1956. Kanali kabotolo kafupi, madzi ake obiriwira ngati msipu, fungo lozizira lolasa m'mphuno. Bambo wa jasi uja ananena momveka bwino: madontho asanu m'kapu ya madzi, kuchukucha m'kamwa, kulavula. Ananena kamodzi, galimoto n'kupita ku pulazi ina. Zina zonse zinalembedwa pabotolo m'Chizungu, tizilembo tating'ono ngati nyerere, ndipo a Saulos ankawerenga Chinyanja chokha.

Tsiku la dzino lija, pa nthawi yopuma ya 10 koloko, a Saulos anapita kusitolo ya pa pulazi. Kuzula ankaopa. Amene ankazula anthu mano anali mkazi wa mzungu, pakhonde, ndi pulayala, ndipo chaka chapitacho mnzawo wina anatupa nkhope atazulidwa mpaka kumwalira. Wogulitsa m'sitolo anawaikira kabotolo patebulo.

"Aka kamapha tizilombo tonse, madala. Azungu ndiko amagwiritsa."

Anabwerera nako kushedi. M'menemo munalibe kapu, munalibe madzi. Anathira pang'ono m'kachivundikiro, kuika m'kamwa, kupendeketsa mutu kuti madziwo akafike padzino. Moto! Misozi inalengeza, anagwira tebulo ndi manja onse. Kenako pang'onopang'ono msomali uja unazuka m'khutu, tsaya linachita dzanzi, ululu wa masabata atatu unangoti zii.

Anatsala ndi madzi m'kamwa. Kulavula m'shedi ya fodya n'koletsedwa, pansi ponse pali tsamba la mzungu, foromani akakuona ndi mlandu. Ndiponso kwathu mankhwala salavula. Wakupatsa mankhwala ukalavula ndiye kuti wamunyoza, ndipo matenda sachoka. Anameza.

Kutentha kunatsika pachifuwa, kukafika m'mimba, n'kubwerera m'mapewa. Zala zinafunda. Pasanapite nthawi amayi a kumbuyo anamva nyimbo yayamba, ndipo anaseka n'kuilandira.

Kunyumba akazi awo, a Anesi, anawaona akumeza ndipo anadabwa.

"Bambo a Masautso, suja bambo wa jasi anati muzilavula?"

"Amalavula ndi azungu, Anesi, poti iwo matenda awo ali pamano pokha. Ine ndikumva akugwira ntchito mpaka m'mafupa."

Chaka choyamba botolo linkatha mwezi. Ankamwa kachivundikiro kamodzi m'mawa, kena dzino likayamba kugunda masana. Chaka chachiwiri linkatha sabata. Mu 1958 dzino lija linathetheka lokha n'kugwa zidutswazidutswa, ululu unatheratu, koma botolo silinachoke m'thumba la jekete. Ankati akuteteza mano otsalawo. Lilime linayera, m'kamwa munasupuka, chakudya chinasiya kukoma, ndipo a Anesi ankabweza mbale ili chidzadzire. Koma kutchalitchi mawu awo anakula. Munthu amene kale ankalalikira mofatsa, akuwerenga vesi ndi vesi, tsopano ankamenya tebulo, kulira misozi, kutchula anthu mayina. Akhristu ankati a Mkulu alandira mphamvu. Palibe anaganiza china. Woledzera timamudziwa ndi fungo la masese ndi miyendo yopingasa, koma a Saulos ankanunkhira ngati sitolo ya mankhwala, ndipo ankayenda chilili, jekete atamanga mabatani onse.

Mwa ana asanu amene a Anesi anabereka, anakula mmodzi yekha, Masautso. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, woyendetsa thirakitala, munthu wofatsa, wamanyazi, woti akamalankhula ndi bambo ake amavula chipewa. Lamlungu lina mu Okutobala 1958, fodya atagulitsidwa bwino, mzungu anapha ng'ombe n'kulola kuti pa komboni pafululidwe mowa. Anzake a thirakitala anamukoka. Cha m'ma 4 koloko anafika pakhomo akumwetulira, n'kupatsa amake moni wa Chizungu. A Saulos anali pakhonde. Tsiku limenelo anali atalalikira kawiri, kwathu ndi ku pulazi yoyandikana nayo, ndipo botolo linawathandiza konsekonse.

"Bwera kuno. Uzira mpweya apa."

Masautso anavula chipewa. "Abambo, ndi zikho ziwiri zokha. Anzanga aja anandi…"

"Ziwiri! Agogo ako anayamba ndi chimodzi."

"Pepani, abambo. Sindidzabwereza."

A Anesi anatuluka m'nyumba akupukuta manja. "Mwana wapepesa, bambo a Masautso. Mukambirane mawa mitu itazizira."

Koma a Saulos ankamva magazi akuwira m'makutu, ndipo iwo ankayesa ndi mkwiyo woyera. Munthu amene sanakwezepo dzanja pa mwana anatola mpini wa khasu n'kumumenya nawo pakhutu. Masautso anagwa chogwada. Iwo analowa m'nyumba, natulutsa bulangete lake, nsapato ndi chitupa, kuponya pabwalo anthu a komboni akuona.

"M'nyumba ya Saulos simugona chidakwa! Mwamva nonse? Ine ndilibe mwana!"

Masautso anatola katundu wake mmodzimmodzi, magazi akutsika m'khosi. Anagwadira amake. "Amayi, tsalani." Kenako anayang'ana bambo ake nthawi yaitali.

"Abambo, maso anuwo lero si anu."

M'mawa mwake anakwera lole imene inkatenga anthu kupita ku mapulazi atsopano a ku Tengwe, kupitirira Karoi. Lamlungu lotsatira a Saulos anaimirira m'tchalitchi, iwo eni n'kupempha kuti dzina la mwana wawo lidulidwe mu mpingo, ndipo anthu anagwedeza mitu kuti uyu ndiye mkulu wosakondera.

Patatha miyezi inayi dalaivala wina anabweretsa kalata. A Anesi sadziwa kuwerenga, ndiye anaibisa m'chitenje n'kuthamangira kwathu kuti ndikawawerengere. Anakumana ndi amuna awo panjira ya kumabani. A Saulos anaitenga, kuyang'ana dzanja la mwana wawo pa envulopu, n'kuiponya yosatsegula m'ng'anjo ya bani. A Anesi anakhala pansi pomwepo pafumbi. Kalata ina sinabwerenso.

Mu Febuluwale 1960 mvula inakokolola mlatho wa pamsewu wathu, ndipo lole ya sitolo sinafike masabata atatu. M'sabata yachitatu mabotolo a Nkhunda anatha. Tsiku lachiwiri a Saulos anadzuka manja akunjenjemera moti kapu ya tiyi inawatayikira pamiyendo. Tsiku lachitatu thukuta linkachita kuyenderera, ndipo dzuwa likuswa mtengo ankaona nyerere ndi abuluzi akutuluka m'khoma kubwera pamphasa pawo. Ankakuwa, kudzikanda, kuitana bambo awo amene anamwalira kalekale. Ena anati ndi malungo a m'mutu. Ena ananong'ona kuti a gule awaponyera, poti ankawanyoza. Akhristu tinkasinthana kukapemphera.

Lole itafika, a Anesi anathamanga okha kusitolo. Anawamwetsa kachivundikiro kamodzi, kenako kena. Ola lisanathe munthu anakhala tsonga n'kupempha madzi osamba. Lamlungu anaima kutsogolo botolo lili m'manja, kuchitira umboni kuti Mulungu anapatsa azungu nzeru yopanga mankhwala ochiza thupi lonse. Tonse tinati amen. Inenso ndinati amen. Sabata imeneyo Akhristu angapo anakagula awo.

Nyengo yosankha fodya ya 1961 inawapeza a Saulos atatha. Maso anali achikasu ngati tsamba lomwe ankasankhalo. Akatambasula tsamba linkang'ambika m'manja onjenjemerawo, mitundu inkawasokonekera, ndipo mzungu anabweza mabelo atatu sabata imodzi. Foromani, amene ankawalemekeza, anawaitanira pambali n'kuwapatsa tsache. Amayi aja anasamukira kumbuyo kwa wina. Mimba inayamba kutupa, miyendo nayo, ndipo pofika Julaye ankangokhala pakhonde kuotha mbaula.

Pa komboni pathu pali mayi wina wa ku Tete, Margarida, wamasiye, Mkatolika, amene amatcheza kachasu mobisa kuchigwa cha kuseri kwa damu. A Saulos anali atamutchula dzina m'maulaliki zaka zambiri. Koma iye ndi a Anesi ankatunga madzi pa mpopi umodzi, ndipo atamva kuti matenda akula anabwera Loweruka lina m'mawa ndi kambale ka matemba. Ine ndinali pomwepo, mwana kumbuyo, ndikuthandiza a Anesi kusenda mtedza.

"Mwadzuka bwanji, a Mkulu? Kapena moni wa ine ndi tchimonso?"

"Tadzuka, mayi. Mphika wanu uja wa kuchigwa sunaphulikebe?"

"Ukuwira bwino, zikomo pofunsa. Akhristu anu ena akuperekanso moni."

A Saulos anaguguda pakhosi. Anapisa m'jekete, kutulutsa botolo, kuthira m'kachivundikiro, kumeza. Kamphepo kanatengera fungo kwa Margarida. Anasiya kuseka. Anakweza mphuno ngati munthu amene wamva kuti ndiwo zikupserera kwina.

"Tabweretsani ndione."

"Awa ndi mankhwala, mayi, si za kwanu zija."

"Ndiye mukuopa chiyani?"

Anampatsa monyinyirika. Margarida ananunkhiza, kudonthezera palilime, kunyowetsa chala n'kuchiuzira mpweya. Nkhope yake inagwa.

"Mumamwa ochuluka bwanji?"

A Anesi ndiwo anayankha. "Botolo masiku awiri."

"Mayi Mariya!"

Anatola chivundikiro cha chitini chimene chinali pakhondepo, kuthiramo madzi obiriwirawo, kuyatsa kaudzu pambaula n'kukayandikiza. Padzuwa sipanaoneke kanthu, ndiye anasunthira chivundikirocho mumthunzi wa pakhomo. Tonse tinaona. Lawi labuluu, lopanda utsi, lopanda phokoso, likuvina pamwamba pa mankhwala a a Saulos.

"Madzi sayaka, a Mkulu," anatero Margarida, mawu ali pansi. "Ine ndikatcheza, botolo loyamba kudontha timalitcha mutu, ndipo ndimaliyesa chonchi. Likayaka chotere sindigulitsa losasungunula, lingaphe munthu. Uwu ndi mutu. Angothiramo masamba onunkhira ndi utoto."

"Ukunama, mfiti iwe."

"Ndikanakonda ndikanakhala ndikunama. Kunjenjemera kwanu kuja kwa nthawi ya mlatho, ine ndimakuona kwa anthu anga akasowa. Mtima unandiuza, koma ndinati ayi, a Saulos? Ndani akanandimvera?"

A Saulos anayang'ana lawilo mpaka linazima lokha. M'chivundikiro munatsala timadzi tochepa, tofiirira m'mbali. M'mutu mwawo zinthu zinayamba kubwera chimodzichimodzi, chilichonse pamalo pake: kutentha kuja kwa m'mapewa, nyimbo m'shedi, tebulo la kutchalitchi limene ankalimenya, abuluzi a m'khoma. Anakumbuka mmene bambo awo ankanjenjemerera m'mawa asanapeze koyamba. Anali atakuona ndi maso awo ali mwana, ndipo sanakuzindikire m'manja mwawo momwe.

"Anesi."

"Bambo."

"Tsiku lija la Masautso, ndinali nditamwa ochuluka bwanji?"

A Anesi anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Ndikufunsa, Anesi."

"Munatsegula latsopano m'mawa. Pofika madzulo linali pakati."

A Saulos sanalire. Kenako anatembenukira kwa Margarida, mayi amene anamunyoza zaka zonsezo, n'kuomba m'manja kawiri mwaulemu.

"Pepani, mayi. Zikomo."

Margarida ndiye analira.

Lolemba foromani anawapezera malo pa lole ya mkaka kupita kukiliniki ku Norton, ndipo anatenga botolo lija. Bambo wothandiza dokotala anawatobwanya pamimba, kuwakoka chikope, kenako kuwerenga tizilembo tija.

"Ndi zoona, madala, muli mowa waukali kwambiri. Koma si akumwa awa. Zalembedwa apa, osameza."

"Zalembedwera yani, mwana wanga?"

Bamboyo anangoti chiwindi chauma ndipo sichingabwerere, n'kuwapatsa mapiritsi oti awathandize masiku oyamba osiya.

Lamlungu a Anesi anawagwira mkono mpaka kutchalitchi. Nthawi ya zolengeza anaimirira, kuika kiyi wa tchalitchi patebulo, n'kunena zonse, osasiyako. Anapempha kuti onse amene anagula botolo chifukwa cha umboni wawo abweretse, ndipo madzulo ake mabotolo asanu ndi awiri anakhuthulidwa kuseri kwa tchalitchi. Kenako anapempha kuti awadule.

Akulu anzawo anakana. "A Mkulu, inu simunadziwe. Mulungu amaona mtima. Lumbiro lanu simunaliswe dala."

"Mwana wanga anamwa zikho ziwiri, napepesa, ine ndinamudula sabata yomweyo. Ine ndamwa zaka zisanu, ndalalikira ndili chiledzerere, ndapereka mgonero ndili chiledzerere. Pamenepo panalibe wonena kuti Mulungu amaona mtima. Mundidule."

Anakanabe. Ndiye a Saulos anayenda okha, akugwira mabenchi, kukakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala odulidwa. Kuyambira tsikulo sanakhalenso pena, ndipo mbale ya mgonero ikafika ankapinda manja.

Abuluzi anabweranso, masiku asanu. Anauza a Anesi kuti awamange manja ndi chitenje ndipo asawamvere ngakhale apemphe motani. Anapempha ndithu, anatukwana, analonjeza, koma a Anesi anakhala pakhomo osasuntha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anagona tulo. Kuyambira pamenepo sanalawenso, koma mimba inapitirira kukula.

Chaka chino kabotolo kafupi kaja kasowa m'sitolo. M'malo mwake mwabwera botolo lalitali la madzi otuwa, ndipo wogulitsa akuti awa ndi osungunula kale. Palibe anabwera kudzatiuza chifukwa chake, galimoto yobiriwira ija sitinaionenso. Phala la m'chubu lilipobe, mbalame yake ili chiyerere. Ndikanena za ine, chubu ndimagula, koma botolo sililowa m'nyumba mwanga, lalifupi kapena lalitali.

Mwezi watha, masana ena nditaweruka kushedi, a Anesi anabwera kudzandiitana. Ndinawapeza a Saulos atagona pamphasa padzuwa, mimba ngati ng'oma, mikono ngati bango. A Anesi anakakhala chapatali atatembenukira kumsewu. Amawasamalira bwino amuna awo, kuwasambitsa, kuwatembenuza, koma chichokere tsiku la lawi lija mawu a Anesi ndi owerengeka.

"Amake Esinati, khalani apa. Inu munafika Sitandade 4, dzanja lanu limawerengeka. Langali silingagwirenso pensulo."

"Ndilembe chiyani, abambo?"

"Kwa Masautso."

"Koma keyala yake sitikuidziwa."

"Ndinaiotcha ndine." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Ndafunsa madalaivala. Akuti ku Tengwe mapulazi ndi ambiri, anthu amasamukasamuka, wina anamuonapo chaka chatha koma sakumbuka kuti. Ndiye musalembe kalata ya munthu mmodzi. Mulembe nkhani yonse, kuyambira dzino lija, ndipo mukopere mapepala ambiri mmene dzanja lanu lingathere. Muzipatsa aliyense wopita cha ku Karoi. Akawerenge pa komboni iliyonse tsiku lolandira chakudya, anthu atasonkhana, mokweza."

"Abambo, dzina lanu lidzamveka paliponse. Mwina ndisinthe, ndingoti mkulu wina?"

"Ayi. Mulembe Saulos wa ku Dedza, mkulu wa mpingo. Akapanda kumva dzina adziwa bwanji kuti ndi iye akufunidwa? Musakometse, amake Esinati, ndikukudziwani ndinu wachifundo. Mpini ulembedwe, kalata ilembedwe. Ndipo kumapeto muike mawu awa mmene ndikunenera. Masautso, amako ali moyo, amakhala choyang'ana kumsewu. Ine ngati sungathe kundikhululukira usadzikakamize, ungobwera udzaone amako. Koma udziwe kuti tsiku lija woledzera pakhomo paja sunali iwe. Mwalemba? Tawerengani ndimve ngati simunachotsepo kanthu."